Wamtali Apinde Maondo

Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ndinayamba kuuona ndi maso ndisanaumve ndi makutu. Ndinali kamnyamata kwathu ku Katete, chaka chimene agogo anamanga nkhokwe yatsopano. Denga la nkhokwe salimangira m'mwamba. Amalilukira pansi, pabwalo: phaso zikumane pansonga, nsungwi zizungulire, luzi lonyika m'madzi limange mfundo ndi mfundo, mpaka chinthucho chikhale ngati chipewa chachikulu chovundikira fumbi. Likatha, mwini nkhokwe amamema anthu. Tsikulo anabwera amuna asanu ndi mmodzi, nalowa pansi pake, aliyense nagwira phaso lake. Amalume anga aakulu anali atali kuposa aliyense m'mudzimo. Denga litangonyamuka linapendekeka, mbali ya amalume ili m'mwamba, kulemera konse kukutsamira pa mnyamata wina wamfupi wa mbali inayo, miyendo yake ili njenjenje. Agogo anakuwa ali pakhonde: "Wamtali apinde maondo!" Amalume anapinda. Anayenda chopinda choncho kuchokera pabwalo mpaka pankhokwe, thukuta lili kamukamu, ndipo denga linakakhala pamalo pake.

Anthu akamatchula mwambiwu amathera pa chiwerengero: mitu ichuluke, katundu apepuke. Agogo anaona china ali pakhonde paja. Mitu ikhoza kuchuluka denga n'kugwabe, ngati osenzawo sanalingane.

Mawu a agogowa anandibwerera mu Okutobala 2024, ndili kutali ndi nkhokwe iliyonse, ndili ndi kathabwa kobiriwira m'thumba la malaya, pakati pa phokoso la m'tauni ya Lusaka.

Kompyuta ya m'nyumba mwathu ku Kabwata ndinaigula kumayambiriro kwa 2016. Chaka cha 2015 chinali choyamba ana a giredi 9 kulemba mayeso a kompyuta m'dziko lonse, ndipo m'masukulu ambiri makina anali ochepa kwambiri moti ana ankalowa mosinthana, ena n'kumaliza usiku. Nditamva zimenezo ndinalumbira kuti ana a m'banja mwathu sadzayamba kugwira mausi tsiku la mayeso. Ndalama ya yatsopano ndinalibe. Ndinagula ya salaula pa sitolo ina pafupi ndi Cha Cha Cha Road, Dell yakuda yopangidwa mu 2011, imene inagwirapo ntchito mu ofesi ina kunja kwa dziko, chizindikiro cha eni ake akale chitamatidwabe pambali. Inatitumikira mokhulupirika. Makalata ofunsira ntchito a anthu a pa mdadada wathu, mapulogalamu a maliro, malipoti a komiti ya kutchalitchi, zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga, zonse zinadutsa m'menemo. Ana anga awiri anaphunzirira pamenepo kulemba ndi zala zonse.

Kenako kunabwera chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika mu Seputembala nyumba zambiri za mu Lusaka zinkaona malaiti maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Nthawi imeneyo n'kuti mwana wa mlongo wanga wa ku Chelstone akugona kwathu masiku a sukulu, chifukwa koleji yake ili pafupi ndi kuno ndipo kwawo kulibe kompyuta. Ankagona osazimitsa swichi ya nyale, kuti malaiti akabwera kuwalako kumudzutse. Akadzuka ankathamangira pakompyuta atafunda chitenje, n'kudina batani, n'kudikira. Makinawo ankatenga nthawi yoti munthu atha kuwiritsa madzi a tiyi asanalole kuti uwagwire. Akatsegula Word, n'kutsegulanso masamba anayi kapena asanu a pa intaneti, kabwalo kaja ka pasikirini kankayamba kuzungulira, kanyale ka kutsogolo kwa bokosi kali phethiphethi osaleka, m'kati mukumveka kukukuta ngati mbewa m'thumba la mtedza.

Usiku wina ndinamva kulira kwapansipansi pabalaza. Anali atalemba masamba atatu, makina anauma asanasunge, ndipo ali m'kati modikira kuti atsitsimuke, malaiti anapita. "Amalume, kompyuta yanu yakalamba," anatero mumdimamo. Sananene mwamwano. Ananena ngati munthu amene akupereka uthenga wa matenda.

Nanenso ndinavomereza. Mnzanga wina wa ku Woodlands, amene timapemphera limodzi, anati nditaye ndigule laputopu. Ndinakayang'ana mitengo ku Manda Hill ndipo ndinabwerako chimanjamanja. Mawu oti "yakalamba" ndi osavuta kuwanena, ndipo akanenedwa amatseka nkhani. Chinthu chikatchedwa chokalamba palibenso amene amafunsa kuti chasenza chiyani.

Amene anafunsa anali mnyamata wa pa mdadada wathu, wokonza mafoni ndi makompyuta pa kantemba m'tauni. Anabwera madzulo ena malaiti alipo, natsegula Task Manager, n'kundilozera mzere umodzi. RAM ya makinawo inali magigabaiti 4, ndipo tisanatsegule chilichonse chathu, yoposa theka inali itadzaza kale. Atatsegula masamba a mwana uja mzerewo unakafika kudenga.

Anayesa kundifotokozera m'Chingerezi cha ntchito yake, koma ine ndinazimvetsa nditakumbukira amayi akupeta. Hard disk ndi nkhokwe: imasunga zambiri, chaka ndi chaka, malaiti akhalepo kapena asakhalepo. RAM ndi lichero. Zimene ukugwira panopa zimakhala m'menemo, pafupi ndi manja. Lichero likachepa, wopeta amatapa pang'ono, n'kubweza zina kunkhokwe kuti apeze malo, n'kuthamangiranso kunkhokwe kukatenga zimene wabweza zija, ulendo ndi ulendo, mpaka tsiku kuthera m'njira. Kukukuta kuja kunali kumeneko. Kompyuta ikasowa malo mu RAM imabwereka malo pa hard disk, ndipo hard disk yambale zozungulira imachedwa kuyankha maulendo masauzande ambiri poyerekeza ndi RAM. Makinawo sanali aulesi. Ankagwira ntchito kuposa kale lonse, koma ntchito yake yambiri inali kuthamanga pakati pa lichero ndi nkhokwe.

Ndipo dengalo linali litalemera ife osazindikira. Windows XP, imene inatuluka mu 2001, inkatha kuyenda ndi mamegabaiti 64. Windows 7 ya mu 2009 inkafuna gigabaiti imodzi. Windows 11 siyamba n'komwe popanda magigabaiti 4, kutanthauza maulendo 64 kuposa XP. Tsamba la pa intaneti limene kale linali mawu ndi kachithunzi kamodzi, lero limabwera ndi mavidiyo, zotsatsa malonda ndi timapulogalamu tobisika tambirimbiri. Aliyense anawonjezera udzu wake padengapo, chaka ndi chaka, wosenza akadali yemwe uja. Mnyamatayo anamasula chitseko cha m'mbali mwa bokosi n'kuunika ndi tochi ya foni. Pa motherboard panali mipata iwiri yoyandikana. Mu umodzi munali kathabwa kobiriwira ka RAM, kotalika ngati chikhatho, kotuwa ndi fumbi la ku Kabwata la zaka zisanu ndi zitatu. Mpata winawo unali wopanda kanthu. Unakhala chiyembekezere kuyambira tsiku limene makinawo anatuluka m'fakitale.

Thandizo loyamba linachokera ku Kabulonga. Msuweni wanga amagwira ntchito pa ofesi ina kumeneko, ndipo atamva nkhaniyi ananditumizira kathabwa ka magigabaiti 8 kochokera m'makina ake amene anawawonjezera mphamvu. Anapereka ndi mtima wonse, ndipo kanali kabwino kuposa kanga m'njira iliyonse. Ndinakalozetsa pampata paja, kanakana. M'munsi mwa kathabwa kalikonse, pamzere wa timano tagolide, pali kagweru, ndipo mumpata muli kamtunda koyenera kulowa m'kagweruko. Ziwirizi sizinakumane. Ndinatembenuza, zinakanabe. Ndinatsala pang'ono kukanikiza ndi mphamvu, ndipo ndikuthokoza kuti dzanja linaima, chifukwa ndikanathyola mpata wopanda kanthu umene ndinali nawo wokhawo.

Safunsa anadya phula. RAM ili ndi mibadwo yake, ndipo mibadwoyo siikwatirana. DDR2 inabwera mu 2003, DDR3 mu 2007, DDR4 mu 2014, ndipo tsopano kuli DDR5. Kathabwa ka DDR3 ka kompyuta ya patebulo kali ndi timano 240 ndipo kamadya mavoti 1.5; ka DDR4 kali ndi timano 288 ndipo kamadya 1.2. Opanga anasuntha kagweru kaja dala pa mbadwo uliwonse, kuti munthu wa changu ngati ine asawotche makina. Ka ku Kabulonga kanali DDR4. Kanga n'ka DDR3. Ndinakakulunga bwinobwino n'kukabweza, ndipo ndinavutika kupeza mawu omuuzira msuweni wanga kuti mphatso yake, ngakhale inali yaikulu kuposa chimene ndinkafuna, inalibe polowera. Izi zimachitika kawirikawiri pakati pa abale a mayadi ndi abale a m'mafulati ndi m'makomboni. Wopereka amayang'ana chimene ali nacho, osayang'ana mpata wa wolandira.

Loweruka lotsatira ndinachotsa kathabwa kakale kaja, ndinakakulunga m'pepala, n'kukwera minibasi. Ndinatsika m'tauni n'kudutsa pakati pa ogulitsa tomato, zingwe za mafoni ndi nsapato, kulowera cha ku Katondo Street, kumene anyamata amakuitana usanatsegule pakamwa. Kantemba ka mnyamata uja kali m'kanjira kopapatiza, m'kati mwa chinyumba china chogawidwagawidwa timashopu. Anatulutsa chitini chakale cha mabisiketi chodzaza timathabwa tomangidwa ndi mphira. Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana kapepala komatidwa pa kathabwa kanga.

"Amdala, apa palembedwa PC3-10600. Ndiye kuti kanu kamathamanga 1333."

Anasanthula m'chitinimo kanthawi, n'kutulutsa kena ka magigabaiti 4, kolembedwa PC3-12800.

"Aka n'ka 1600. Kofanana ndendende ndi kanu kanatha."

"Nanga si ndiye tidzakangana m'katimo?"

"Iyayi. Kothamanga kamatsika, kamayendera liwiro la kochedwa. Tonse tiwiri tidzayenda 1333."

Ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa pamenepo ndinaona pabwalo pa agogo, fumbi, phaso, ndi amalume akuyenda chopinda. Mnyamatayo anaganiza kuti ndikudandaula za mtengo, nayamba kunditsitsira. Sindinamuuze. Ndinangolipira ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya thumba limodzi la ufa, iye n'kundiyesera kathabwako pa makina ake ndili pompo. Asanandilole kupita anandifunsanso ngati Windows yanga ili ya 64-bit, poti ya 32-bit siiona kupitirira magigabaiti 4 ngakhale uikemo angati. Anandichenjezanso kuti ndisanagwire chilichonse m'katimo ndiyambe ndakhudza chitsulo cha bokosi, chifukwa m'nyengo youma ngati Okutobala thupi la munthu limasunga timagetsi tija timathetheka ukavula juzi mumdima, ndipo tokhato tikhoza kupha kathabwa katsopano.

Pali chifukwa chake kothamanga kamatsika. Timathabwa tiwiri tikakhala m'mipata yoyenera, purosesa imalankhula nato tonse pa nthawi imodzi, njira ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo kuti zimenezo zitheke tiyenera kuponda phazi limodzi. Kochedwa sikangakakamizidwe kuthamanga kuposa mmene kanapangidwira popanda kuyamba kulakwitsa. Choncho kamene kali ndi mphamvu yotsala ndi kamene kamasintha mayendedwe. Wina angati ndiye kuti ndinataya ndalama pogula liwiro limene sindidzaligwiritsa ntchito. Ine sindikuona choncho. Kutalika kwa amalume sikunatayike tsiku lija. Kunathera m'maondo mwawo.

Ntchito yake yeniyeni ndi yaifupi moti munthu amachita nayo manyazi. Ndinazula chingwe kukhoma, ndinadina batani loyatsira kuti magetsi otsalira atuluke, ndinagoneka bokosi pamphasa. Fumbi ndinaliuzira ndi kulisesa ndi kaburashi kofewa. Linatuluka lofiira, lina litaumbika ngati thonje pamapiko a fani. Timano ta kathabwa kakale ndinatipukuta pang'onopang'ono ndi labala ya pensulo, monga anandiuzira, mpaka golide wake anayambanso kuwala. Mwana wa mlongo wanga anagwira tochi. Ndinakankhira kunja tizopanira tiwiri ta m'mapeto mwa mpata, ndinalozetsa kagweru pakamtunda, ndinaika zala zazikulu ziwiri m'mbali zonse, n'kukanikiza. Poyamba palibe chinachitika, ndipo mtima unandiuza kuti ndisiye. Pamafunika mphamvu yoposa imene munthu wamantha amafuna kupereka. Ndinakanikizanso, kunamveka kuti tha, kenako tha, tizopanira tija titadzitsekera tokha.

Ndiye tinakhala pansi n'kumadikira malaiti. Anabwera cha m'ma 11 usiku. Fani inazungulira, sikirini inakhala yakuda kwa kanthawi kamene kanatalika ngati chaka, kenako chizindikiro chinaoneka. Tinatsegula Task Manager: magigabaiti 8, liwiro 1333. Mwanayo anatsegula Word, masamba ake asanu, n'kuwonjezera achisanu ndi chimodzi poyesa. Kanyale kaja kanaphethira kawiri n'kukhala chete. Ndinali nditaiwala kuti makinawa amatha kukhala chete.

Pambuyo pake ndinawerenga za munthu amene anatulukira mtundu umenewu wa RAM, Robert Dennard wa ku kampani ya IBM ku America, amene anatetezera luso lakelo mwalamulo mu 1968 ndipo anamwalira mu 2024 momwemo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti RAM imeneyi ndi yoiwalaiwala mwachibadwa. Kachidutswa kalikonse ka uthenga kamasungidwa ngati kadontho ka magetsi m'kachikho kakang'ono kwambiri, ndipo kachikhoko kamadontha. Makina amayenera kuyendera tizikho tonse n'kutidzazanso pa mamilisekondi 64 alionse, apo ayi zonse zimafufutika. N'chifukwa chake malaiti akapita lichero limakhuthuka nthawi yomweyo, monga anachitira masamba atatu aja. Kukumbukira kwake n'kukumbutsidwa kosalekeza. Kumudzi timadziwa zimenezi. Mayina a makolo, malire a minda, amene anakwatira kuti, zimakhala zamoyo chifukwa pamaliro ndi pamilandu anthu amazibwereza. Mudzi ukaleka kukumana, nkhokwe ya mbiri imatsala ndi nkhalamba imodzi, ndipo tsiku lina timamva kuti agogo ayamba kusokoneza.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti kathabwa kamodzi kamabweza unyamata. Mipata ili iwiri basi, ndipo motherboard imeneyi siilandira kuposa magigabaiti 8. Mitu yosenza yakwana. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo purosesa ya 2011 siili pa mndandanda wa zololedwa kulandira Windows 11. Denga likhoza kusenzedwa bwino, koma nsichi nazo zili ndi zaka zake. Mnyamata wa pakantemba akuti chotsatira n'kuchotsa hard disk yambale n'kuikamo SSD, ndipo pambuyo pake kuyesa Linux, imene siilemera kwambiri pa makina akale. Tidzachita zimenezo ndalama ikapezeka. Chimene ndikukana ndi kufulumira kwathu kuweruza. Tikanaitaya mu Seputembala uja, ikanakathera pamulu wa zinyalala, ana akuiphwanya kufuna waya wa kopa, mpata wake wachiwiri usanalawepo kanthu.

Munthu si makina, ndipo ndimadana ndi kufanizira anthu ndi zitsulo. Komabe pali chinthu chimene ndinachiona usiku umenewo, mwana uja akulemba, chimene sindinathe kuchibweza kunkhokwe.

Mlongo wanga wa ku Chelstone anaferedwa mwamuna zaka zinayi zapitazo. Anatsala ndi ana atatu, apongozi ake odwala shuga amene sanafune kuwabweza kumudzi, ntchito ya pa sukulu ya mkaka, ndi kabizinesi ka mafiritasi a m'mawa. Chaka cha chilalacho anayamba kuiwala. Ankapsereza ndiwo, ankasiya makiyi pachitseko, tsiku lina anafika pamsika osadziwa chimene wadzagula. Pa misonkhano ya banja tinkanong'onezana kuti mayi uja wayamba kukalamba msanga, ena n'kumati apite kuchipatala akamuyeze mutu. Ine ndine malume wa ana akewo. Kwathu kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wako ndi mlandu wako usanafunsidwe. Udindo umenewo ndinkaukwaniritsa pa foni. Kumapeto kwa mwezi ndinkatumiza kangachepe, uthenga n'kulowa woti ndalama yafika, ine n'kugona tulo. Sindinafunsepo kuti m'mutu mwake muli zinthu zingati zotsegula pa nthawi imodzi: tsiku la kiliniki ya apongozi, mankhwala amene ayenera kukhala pozizira m'nyumba yopanda malaiti, fizi ya uyu, nsapato za uyo, makala, madzi, ufa wa mafiritasi. Ndalama yanga inkathandiza, sindikukana. Koma inkalowa kunkhokwe. Lichero linali lomwe lija, m'manja mwa munthu mmodzi.

Loweruka lina ndinakwera basi pa Kulima Tower, kutsata Great East Road, kudutsa pa yunivesite ndi pa Munali, n'kukatsika pafupi ndi thanki ya madzi ya ku Chelstone. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Anadzidzimuka, napukuta manja pachitenje.

"Alongosi, kwagwanji? Bwanji osaimba foni?"

Ndinati kulibe chagwa. Ndinamupempha kabuku ka kuchipatala ka apongozi ake, ndi pepala la sukulu la mwana wamng'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanalowe m'nyumba kukatenga. Ndinkafuna kunena kuti kuyambira lero masiku a kiliniki ndi anga, ndidzabwera ndi galimoto ya hayala, tidzapita m'mamawa, tidzathana nazo msanga. Iye anapukusa mutu. Apongoziwo salola galimoto ya hayala, amati n'kuwononga ndalama. Amafuna minibasi, mpando wa kutsogolo, ndipo kuchokera pakhomo kukafika pa siteji amapuma kawiri, koyamba pa mtengo wa mango wa aneba, kachiwiri pa kantemba ka makala. Akawafulumizitsa amakwiya n'kubwerera kunyumba.

Lachiwiri lotsatira ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku. Ndinafika ku Chelstone dzuwa lisanatuluke. Gogoyo anali atavala kale duku ndi juzi, kabuku kali m'pepala la pulasitiki. Anandigwira pamkono, ndipo tinatuluka pageti. Mwendo wanga unkafuna kutsogola, ndinaubweza. Pa mtengo wa mango tinaima.